A ku Morocco sadanyoze mphika wa agogo awo

BENGA, Moatize — Pa 28 Disembala 2025 timu ya mpira ya dziko lino, Mambas, idagonjetsa Gabon 3-2 mumzinda wa Agadir m'dziko la Morocco. Aka kadali koyamba kuti Mozambique ipambane masewero pa mpikisano waukulu wa mayiko a mu Africa chiyambire kupitako m'chaka cha 1986, ndipo kuchokera tsiku limenelo dzina la Morocco si lachilendonso m'mabaraka a ku Benga, ku Moatize mpaka ku Zóbuè.

Okonda mpira adalimva kale dzikoli m'chaka cha 2022 pomwe timu yake idatsala m'gulu la matimu anayi omaliza pa mpikisano wa dziko lonse ku Qatar, chinthu chomwe timu ya mu Africa idali isadachitepo. Koma mpira umatha pakapita mphindi 90. Chomwe chimakokera alendo ku Morocco chaka chonse, pambali pa mizinda yake yakale ndi mapiri, ndi chakudya. M'chaka cha 2024 chokha dzikoli lidalandira alendo oposa 17 miliyoni, ndipo m'mizinda ikuluikulu monga Paris, Lisboa ndi London muli malo odyera ogulitsa chakudya cha ku Morocco, komwe anthu amachita kupangana m'magulu kuti akalawe.

Chodabwitsa n'chakuti chakudya chotchukachi ndi cha kumudzi. Chimaphikidwa mu mphika wadothi, pa makala, ndipo chimadyedwa ndi manja m'mbale imodzi. Munthu wa ku Benga atachiona angafunse kuti kodi chikusiyana pati ndi ndiwo za kwa amayi ake. Funso limeneli likukhudza aliyense woweta mbuzi, woumba miphika ngakhalenso wophika nsima yogulitsa m'mbali mwa msewu wa N7.

Kudyera pagulu

Kupangana kukadya pamodzi si nzeru yobwera ndi azungu. Kale m'midzi yambiri ya Achewa kudali chidyerano cha nsima, pomwe mabanja oyandikana ankabweretsa chakudya chamadzulo pamalo amodzi, abambo kwaokha, amayi ndi ana kwaokha. Chifukwa cha mwambo umenewu mwana wamasiye, kapena wa m'nyumba momwe simudafuke utsi tsiku limenelo, sankagona ndi njala.

Pantchito pali mmemo, pomwe anthu amasonkha ndalama pang'onopang'ono kuti mmodzi aphike nkhomaliro ya onse. M'matauni muli xitique, yomwe abale a ku Mwanza amati chipereganyu: gulu limasonkha ndalama mwezi ndi mwezi n'kumapatsa mmodzi, ndipo m'magulu ambiri tsiku lopereka limakhalanso tsiku la madyerero kunyumba kwa wolandirayo. Pa tsiku lotere mayi wapanyumba amayesetsa kuti mphika wake ukambidwe mpaka mwezi wamawa.

Tsono gulu lotere, la amayi ndi abambo khumi a ku Benga, litati lipezeke pakhomo pa malo odyera mumzinda wa Marrakech kapena Fez, lingaone zotani?

Madzi amayamba

Morocco ili kumpoto chakumadzulo kwa Africa, moyang'anizana ndi Spain. Anthu ake ndi pafupifupi 37 miliyoni, ambiri ndi Asilamu, ndipo amayankhula Chiarabu ndi chinenero cha eni nthaka otchedwa Amazigh. Nyama ya nkhumba sadya, ndipo m'makomo ambiri mowa sufika patebulo.

Alendo amawakhazika pa mipando yofewa yotsamira khoma, mozungulira tebulo lalifupi. Pamalo osunga mwambo, chinthu choyamba kufika ndi ketulo ya madzi ndi beseni. Wapanyumba amazungulira kuthira madzi m'manja mwa mlendo aliyense, monga momwe mwana woleredwa bwino amachitira kuno. Wamkulu akatchula dzina la Mulungu kuti bisimila, aliyense amatambasula dzanja lamanja.

Kumayamba kubwera timbale ting'onoting'ono ta ndiwo zamasamba zozizira: mabiringanya ophika osinja ndi matimati ndi adyo, karoti wothira mandimu, tsabola wamkulu wowotcha, ndi zipatso za azitona zomwe ambiri kuno amangozimva m'tchalitchi. Mlendo wosadziwa amakhuta timbale timeneti poyesa kuti chakudya ndi chomwecho.

M'malo mwa nsima pamakhala buledi wobulungira, wophwatalala, wofanana kakomedwe ndi pau wa m'mabekale a ku Moatize. Munthu amanyema kachidutswa n'kutapira ndiwo, osagwiritsa supuni. M'mizinda yakale mabanja amakanda ufa kunyumba, ana n'kusenza pa thabwa kupita nawo ku uvuni wa dera lonselo, monga momwe ana a kuno amasenzera chimanga kupita kuchigayo.

Mphika wa denga la nkhokwe

Kenako pamafika tajini. Dzinali ndi la mphika komanso la ndiwo zophikidwamo. Mphikawu ndi wadothi, pansi pake ndi potambalala ngati mbale, ndipo chivundikiro chake ndi chachitali chosongoka ngati denga la nkhokwe. Umachoka pamoto n'kufika patebulo uli chivundikirire, ndipo wapanyumba amauvundukula alendo akuona, msuzi ukubwatabe.

Nzeru ya mphikawu ili pa chivundikirocho. Nthunzi ikakwera imakafika kunsonga komwe kuli kozizirirapo, imasanduka madzi n'kutsetserekeranso m'ndiwo. Aliyense amene adaonapo momwe kachasu amatchezedwera sangavutike kumvetsa zimenezi. Motero kapu imodzi ya madzi imakwanira kuphika nyama kwa maola awiri kapena atatu, pa makala ochepa a pambaula yadothi. Ndi mphika wa anthu a kumalo kouma, komwe madzi ndi nkhuni n'zosamalira.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Pansi amayala anyezi wambiri ndi mafuta pang'ono. Pakati amaika nyama yomwe aipaka kale mchere, adyo, jinja, chikasu ndi cominho. Mbatata ya kachewere, karoti ndi nyemba zaziwisi amaziimika mozungulira nyamayo ngati mapaso a denga. Akavundikira, mthiko ulibenso ntchito. Chofunika ndi moto wochepa ndi kudekha, mpaka nyama izichoka yokha ku fupa.

Pali mitundu iwiri ya tajini yomwe mlendo sangaiphonye. Woyamba ndi wa nkhuku yophika ndi azitona ndi mandimu a mumchere. Mandimuwo amawang'amba panayi osawalekanitsa, kuwadzaza mchere, kuwapanikiza m'botolo lagalasi mpaka madzi ake awamize, n'kutseka kwa mwezi wathunthu. Akatero makoko amafewa, kuwawa kumachoka, ndipo ndi makokowo omwe amathira m'ndiwo. Botolo lotere limakhala miyezi yambiri osawonongeka.

Wachiwiri ndi wa nyama ya nkhosa kapena ng'ombe yophika ndi zipatso zouma zotsekemera zomwe Apwitikizi amati ameixa, pamodzi ndi canela ndi uchi pang'ono. Apa ndi pomwe gulu la ku Benga lingayambe kuyang'anana, poti kuno shuga ndi wa mu tiyi ndi m'phala, pomwe nyama imadziwana ndi mchere ndi piripiri basi. Ku Fez amapitirira apo: amaphika nkhunda kapena nkhuku ndi mazira ndi mtedza wa amondi, kuzikulunga m'timapepala ta ufa wa tirigu topyapyala, n'kuwaza shuga ndi canela pamwamba. Chakudya chimenechi amachitcha pastilla ndipo ndi cha paukwati.

Pa bwalo lalikulu la Jemaa el-Fna ku Marrakech, pomwe ophika amayala matebulo awo madzulo aliwonse, amagulitsanso nkhono zophika mu msuzi wa zonunkhira ndi mitu ya nkhosa. Wa ku Zóbuè angatembenuze nkhope poona nkhonozo, koma wa ku Marrakech naye angachite chimodzimodzi ataona mpani wa mbewa. Chonyansa ndi chomwe munthu sadakule nacho.

Ngakhale onse akudya m'mbale imodzi, pali malamulo. Aliyense amadya mbali yomwe yayang'ana kwa iye, osadumphira kwa mnzake. Nyama ya pakati siyambidwa, imadikira mwini nyumba kuti agawe n'kukankhira aliyense gawo lake. Mwana wa ku Benga amene adamenyedwapo padzanja chifukwa choyamba ndi nthuli sangafunike womuphunzitsa.

Nsima ya Lachisanu

Chakudya chomwe a ku Morocco amachilemekeza koposa ndi kuskusi. Poyang'ana chimaoneka ngati misere ya chimanga yophika, koma si mbewu yokolola m'munda ili choncho. Ndi timibulu topangidwa ndi manja kuchokera ku ufa wa tirigu wolimba, wosasalala.

Mayi amathira ufawo m'mbale yaikulu yotambalala, kuwaza madzi a mchere ndi zala, n'kumapukusa ndi chikhatho mozungulira mpaka ufa utagwirana kukhala timibulu ting'onoting'ono ngati mchewere. Amasefa kuti tikhale tofanana, totsala n'kutipukusanso. Kukakhala ukwati amayi a m'mudzi amasonkhana tsiku lonse pa ntchito imeneyi n'kuyanika kuskusiyo padzuwa, monga amayi a kuno amathandizirana kukonola ndi kusinja.

Kuskusi weniweni salowa m'madzi. Amamuphika ndi nthunzi m'miphika iwiri yosanjikiza. Wapansi mumabwata nyama ndi maungu, kabichi, karoti, anyezi, matimati ndi tchana. Wapamwamba ndi wobowolabowola pansi ngati sefa, ndipo ndi momwe mumakhala timibulu tija. Polumikizira miphikayi amamangapo kansalu konyowa kuti nthunzi isathawire m'mbali. Pakapita kanthawi mayi amakhuthulira kuskusiyo m'mbale, kumumwaza ndi manja kuti asagwirane, kuwaza madzi ndi mafuta, n'kumubwezeranso pamoto. Amachita zimenezi kawiri kapena katatu.

Pogawa amamuunjika ngati chulu, kuika nyama pakati, masamba pamwamba, n'kuthira msuzi. Achikulire amatapa ndi dzanja n'kuumba kampira m'chikhatho ngati mbamu ya nsima, ndipo ambiri amatsitsira ndi mkaka wowawasa wonga chambiko cha Angoni. Kuskusi wa m'mapaketi wa m'masitolo akuluakulu adaphikidwa kale kufakitale ndipo amangofuna madzi otentha kwa mphindi zisanu, koma eni ake samuwerengera ngati weniweni.

Tsiku la kuskusi ndi Lachisanu, anthu akatuluka ku mzikiti masana. Ana omwe adakwatira kwina amabwera kudzadya kwa makolo, ndipo mbale zina zimatumizidwa kwa anansi ndi ku mzikiti kuti osauka ndi apaulendo adye nawo. Chimenechi ndi chidyerano chomwe chija, kungoti iwo sadachisiye.

Mu Disembala 2020 bungwe la UNESCO lidalemba luso lopanga ndi kudya kuskusi m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, mayiko anayi a Morocco, Algeria, Tunisia ndi Mauritania atapempha limodzi. Ndi bungwe lomweli lomwe m'chaka cha 2005 lidalemekeza Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Nkhani yofunika kwa mlimi wa kuno ndi yakuti kuskusi sadalira tirigu yekha. Ku Morocco komweko kuli wa balere, komanso wa ufa wa chimanga wotchedwa baddaz yemwe kawirikawiri amadyera nsomba. Ku Senegal amapanga wa mchewere wotchedwa thiéré, n'kuthiramo ufa wa masamba ouma a mlambe kuti aziterera pomeza. Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dziko lomwe kudachokera kampani ya Vale, cuscuz wa chimanga ndi chakudya cha m'mawa cha anthu wamba. Chimanga, mchewere ndi mlambe zonse zili m'chigawo cha Tete.

Madyerero amatha ndi tiyi. Tiyi wake ndi wobiriwira wogula ku China, poti ku Morocco kulibe minda ya tiyi yonga ya ku Gurúè kapena ku Thyolo. Amathiramo masamba ambiri a hortelã ndi shuga wochuluka, mkaka ayi. Wothira amakweza ketulo m'mwamba kuti tiyi agwe ndi thovu m'timatambula tagalasi, ndipo kukana tambula yoyamba ndi mwano.

Chibale chakale

Ngakhale Morocco ili kutali, njira zake ndi za Tete zidakumanapo. Ku Agadir komwe Mambas adapambanira kudali linga la Apwitikizi kuyambira 1505 mpaka 1541, nyengo yomweyo yomwe anzawo ankakwera mtsinje wa Zambezi kudzakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Zombo za Apwitikizi ndi zomwe zidathandiza kufalitsa chimanga, chinangwa ndi piripiri kuchokera ku America kubwera mu Africa, ndipo luso la kuskusi lidawoloka nyanja kupita ku Brazil. Nsima ya chimanga yomwe lero imatengedwa ngati ya makolo idayamba ngati chakudya chachilendo, pomwe makolowo ankadalira mapira, mawere ndi mchewere.

Ngakhale manachesi omwe amadzaza misika ya Mwanza ndi Zóbuè m'nyengo yozizira ali ndi dzina la ku Morocco. Pa Chipwitikizi amatchedwa tangerina, kuchokera ku dzina la doko la Tanger komwe zipatsozi zinkakwerera zombo kupita ku Ulaya.

Pa nkhondo ya ufulu, bungwe la CONCP lomwe lidagwirizanitsa omenyera ufulu a mayiko olamulidwa ndi Apwitikizi lidakhazikitsidwa ku Casablanca mu Epulo 1961, FRELIMO isadabadwe. Ofesi yake idali ku Rabat, ndipo mlembi wake wamkulu adali Marcelino dos Santos.

A ku Morocco amachidziwanso chilala. Mvula itavuta zaka zingapo zotsatizana, ziweto zidachepa kwambiri kotero kuti mu Febuluwale 2025 Mfumu Mohammed VI idapempha anthu kuti chaka chimenecho asaphe nkhosa pa chikondwerero cha Idi ya nsembe. Tirigu wambiri wa buledi wawo amagula kunja. Si dziko la mwanaalirenji ayi, koma chomwe ali nacho amadziwa kuchikometsa ndi kuchigulitsa.

Malasha adabwera ndi alendo

Ku Benga alendo adabwera okha, osaitanidwa ndi fungo la mphika. Adatsata malasha. Mgodi wa Benga udayambidwa ndi kampani ya Riversdale ya ku Australia. M'chaka cha 2011 kampani ya Rio Tinto idagula Riversdale pa mtengo woposa madola 3.5 biliyoni a ku America, ndipo mgodi udatsegulidwa mu Meyi 2012. Pasadathe zaka zitatu, mu 2014, Rio Tinto idagulitsa zonse kwa kampani ya ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Mgodi waukulu wa Moatize, womwe Vale idayamba kukumba mu 2011, udagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022.

M'zaka zimenezi ku Tete ndi ku Moatize kudafika anthu a ku Brazil, Australia, South Africa, Portugal, India ndi China, aliyense ndi m'kamwa mwake. Mahotela ndi malesitilanti adachuluka, ndipo mu 2014 mlatho wa Kassuende udatsegulidwa pa Zambezi, magalimoto akuluakulu n'kuyamba kudutsira ku Benga. Achinyamata omwe adalembedwa ntchito adalawa zakudya zomwe makolo awo sadazionepo.

Koma pomwe matebulo ankachuluka m'tauni, minda ina inkatha kumudzi. Pakati pa 2009 ndi 2011 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, kuti apereke malo ku mgodi wa Moatize. Mabanja mazana angapo a ku Capanga, m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, adapititsidwa ku Mualadzi chifukwa cha mgodi wa Benga. Ku Capanga anthu ankalima madimba chaka chonse, kuwedza nsomba ndi kugulitsa ndiwo zamasamba ku msika wa Moatize. Ku malo atsopano adapeza nyumba za malata, koma madzi osowa, nthaka yovuta ndi msika wakutali. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji ya malasha podandaula, ndipo lipoti lomwe bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa mu 2013 lidafunsa pa mutu pake penipeni kuti nyumba ili ndi phindu lanji ngati mulibe chakudya.

Chinanso n'chakuti ndalama zambiri zomwe zimadyedwa m'tauni sizifika kwa mlimi wa pafupi. Kwa zaka zambiri dziko lino lakhala likugula kunja mpunga wa ku Asia, tirigu, mafuta ophikira ndi nkhuku za mufiriji zochokera kutali ngati ku Brazil. Mbale ya mpunga ndi nkhuku yogulitsidwa ku Moatize ikhoza kukhala yopanda kanthu kalikonse kolimidwa m'boma la Moatize, kupatula anyezi ndi tomato.

Pa chipata cha Zóbuè madalaivala a ku Malawi, Zimbabwe ndi South Africa amakhala maola ambiri, nthawi zina kugona kumene, podikira mapepala. Onsewa amadya. Koma kuyenda kuchokera pachiwaya china kufika pa chinzake, munthu amapeza zofanana: tchipisi, mazira, nkhuku yokazinga, nsima ndi nyama ya msuzi wamadzimadzi. Ogulitsa amalimbirana makasitomala potsitsa mtengo, poti palibe chosiyanitsa mphika wa uyu ndi wa uyo.

Mbuzi yokhala ndi dzina

Chonsecho chigawo cha Tete chili ndi chinthu chomwe dziko lonse la Mozambique limachisirira. Nyama ya mbuzi ya kuno ndi yotchuka mpaka ku Beira ndi ku Maputo, ndipo akatswiri amati kukoma kwake kumachokera ku zomwe mbuzizo zimadya kutchire, makamaka masau ndi malambe. Pofika chaka cha 2020 idali italembedwa mwalamulo pa dzina lakuti Cabrito de Tete, kukhala chinthu choyamba m'dziko lino kutetezedwa ndi dzina la dera lomwe chimachokera. Tanthauzo lake n'lakuti munthu sangatenge mbuzi ya kwina n'kuigulitsa ndi dzina limeneli.

Palinso nsomba ya chicoa ndi kapenta za ku Cahora Bassa, pende wa mu Zambezi, mbatata ya kachewere ndi nyemba za ku Angónia, tirigu wa ku Tsangano, mandimu ndi manachesi a m'mapiri a Zóbuè. Masau amauma okha padzuwa n'kusungika chaka chonse. Amayi oumba miphika akadalipo m'midzi, ngakhale ambiri adachepetsa ntchitoyi poona kuti anthu adathamangira mapoto a chitsulo ndi mabigili apulasitiki.

Zonse zomwe zimapanga tajini, kuyambira nyama, dothi, makala, chipatso chouma chotsekemera mpaka ndimu, zili pakati pa Benga ndi Zóbuè. Kusiyana kulipo n'kwakuti wa ku Morocco amabweretsa mphika wadothi patebulo la hotela yapamwamba monyadira, pomwe kuno mlendo wolemekezeka akafika mphika wadothi umabisidwa kuseri kwa khitchini, nkhwani wotendera n'kupepeseredwa ngati cholakwa.

Palibe chifukwa chakuti Benga asanduke Marrakech. Nsima ikhalabe nsima. Koma pali zinthu zingapo zomwe gulu la xitique kapena la mmemo lingayese popanda kukwera ndege.

Woumba miphika akhoza kuumba mbale yotambalala ya chivundikiro chosongoka atangouzidwa maonekedwe ake. Mphika watsopano uyambe wanyikidwa m'madzi usiku wonse, kupakidwa mafuta ndi kuzolowetsedwa moto pang'onopang'ono kuti usang'ambike. Nyama ya mbuzi yophikidwa motero, ndi anyezi wambiri ndi madzi ochepa, imafewa ngakhale ikhale ya tonde wokalamba. Wolimba mtima akhoza kuponyamo masau ouma odzaza dzanja chakumapeto, atawatsuka ndi kuwanyika, n'kuchenjeza odya za nthanga zake.

Mmisiri wokhoma zidebe akhoza kubowola poto wakale kuti akhale wapamwamba wophikira ndi nthunzi. Misere yosalala kapena ufa wokhakhala wa chimanga, mapira kapena mchewere amaunyowetsa pang'ono ndi madzi a mchere, kuusiya kuti umwe madziwo, n'kuuphika pa nthunzi ya ndiwo zomwezo. Moto umodzi umaphika zonse ziwiri, chinthu chomwe mayi wogula makala ku Moatize angachiwerengere.

Mandimu omwe amavunda pansi pa mitengo m'nyengo yake amangofuna mchere ndi botolo loyera kuti adikire miyezi yomwe ndimu imasowa pamsika.

Kwa ogulitsa chakudya, phunziro lina la ku Jemaa el-Fna ndi lakuti tebulo lililonse lili ndi nambala yake, kotero kuti mlendo amene wakhutira amadziwa kobwerera ndi kotumiza anzake. Dalaivala amene wadya mbuzi yokoma pa Zóbuè amakaikamba ku Harare ndi ku Blantyre. Koma amakambanso za malo omwe adamutsegula m'mimba, motero madzi oyera osamba m'manja, sopo ndi kuvundikira chakudya n'zofunika ngati mchere.

Gulu likalawa chinthu chachilendo, ena amakonda, ena amapempha kuti awaphikire kansima pambali kuti agone bwino. Zimenezo si zolakwika. Ubwino woyesera pagulu ndi wakuti mbuzi yasonkhedwa ndi anthu khumi, ndipo ikapanda kukoma palibe banja lomwe lagona ndi njala, koma ikakoma anthu khumi aphunzira tsiku limodzi.

Mgodi wa Benga wadutsa m'manja mwa eni atatu, ndipo mtengo wa malasha umakambidwa kutali ndi anthu omwe sadamwepo madzi a mu Revúbuè. Mbuzi ili m'khola, msau uli kuseri kwa nyumba, ndipo dothi la mphika lili kudambo. Akuluakulu adati fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.